Mafunso ndi mayankho pa TV ya pulojekita, werengani musanataye ndalama

Ine nchito yanga ndi kukonza ma TV ndi mawailesi kuno ku Chipata, ndipo kwa zaka zingapo ndakhala ndikuonetsa bola ndi pulojekita mu kaholo kena ku komboni. Ndiye Ogasiti akangofika ligi ya ku England ikamayamba, kapena AFCON ikayandikira, foni yanga siigona, mafunso omwewo omwewo, uyu wa ku Katete, uyu wa ku Lundazi, awa abusa, awa ali ndi bala ku Petauke. Ndatopa kubwereza pakamwa, ndangoti ndilembe kamodzi basi. Yankho likakutumizani ku funso lina musakwiye, pitani mukawerenge kumeneko.

TV ya pulojekita ndi chani, si TV wamba yaikulu chabe?

Awe, n'zosiyana. TV yopyapyala ija muli nayo pa chipupa, chithunzi chimabadwira pa galasi lomwelo mukuyang'analo. Ya pulojekita chithunzi chimabadwira mkati kali kakang'ono ngati sitampa, ndiye kuwala kwamphamvu kumakanyamula kudutsa pa lenzi n'kukakamwaza pa sikirini katakula. Mukumbuka kuseweretsa ana ndi tochi usiku pa chipupa? Mukatalikira, kuwala kumakula koma kumazilala. Musunge zimenezo chifukwa mayankho ambiri pansipa akuchokera pomwepo.

Zilipo mitundu iwiri ndipo anthu amazisokoneza. Pali chimbokosi chija chachikulu ngati wadiropu, cha mainchi 50, 60 mpaka 70 ndi kupitirira, pulojekita yake ili mkati pansi, imaponya kuwala pa galasi lopendekeka kumbuyo, galasilo n'kubwezera pa sikirini kutsogolo. Ndiye pali pulojekita payokha, kabokosi kamene mumaika pa tebulo kapena kupachika kudenga n'kuwalitsa pa chipupa. Ine ndikamati chimbokosi ndikunena choyambacho.

Zimbokosi zija akupangabe?

Anasiya kalekale. Sony inasiya kumayambiriro kwa 2008, ena anatsatira, Mitsubishi ndiyo inakakamira mpaka kumapeto kwa 2012 nayonso n'kuleka. Zinaphedwa ndi ma TV opyapyala atayamba kutchipa. Ndiye chilichonse mungachipeze lelo, olo wogulitsa alumbire kuti sichinagwire nchito maningi, chadutsa zaka 10, ndipo kupatula mababu masipeya ambiri timachita kuphwasula china chakufa.

Sindikuzinyoza ai. Usiku uja wa 12 February 2012 pamene Chipolopolo inagwetsa Ivory Coast pa mapenate 8-7 ku Libreville, ine penate ya Stopila Sunzu ndinaionera pa chimbokosi chotero pa loji ina kuno m'tauni, titathithikana ngati matumba a nshawa mu shedi, ndipo nthawi imeneyo chinali chinthu chapamwamba zedi. Koma nthawi yake inatha.

Wina akundigulitsa chimbokosi chakale motchipa, ndigule?

Ngati akukupatsani ulele kapena pa ndalama imene olo itatayika simungagone ndi njala, tengani, ana aonerepo makatuni. Ngati mtengo wake ukuyandikira wa TV yopyapyala yatsopano, chisiyeni.

Anabwera nacho amalume ena ochokera ku Chadiza pa kanta, atachimanga ndi malegeni, akuti mwana wao anachisiya posamukira ku Lusaka ndipo chithunzi chikuoneka ngati kuli nkhungu. Nditatsegula kumbuyo ndinapeza galasi lonse lili mbuu ngati wina amapetera mgaiwa pamenepo, ukonde wa kangaude kuchokera pa lenzi mpaka pakona, ndi nalimata wouma ali gone pamwamba pa lenzi yapakati, ndiye mtambo uja umaoneka pa nkhope ya wowerenga nyuzi. Tinapukuta, chinawala, amalume mano onse panja. Patapita masabata atatu foni, ati mwana wanga, anthu a mu TV manje ali ndi mithunzi itatu, wofiira, wobiriwira ndi wabuluu. Ma IC, tizipangizo ta mkati togwirizanitsa mitundu, anali atapsa. Tinasintha, pambuyo pake kunabwera china. Ukalamba wake umatero, mukatseka apa pabooka apo.

Mukaumirira kugula, chiyatseni chikhale mphindi 30 mukuona, osati kungoyatsa n'kuzima. Yang'anani m'makona ngati mizere yoyera ili ndi mphepete yofiira kapena yabuluu, yang'anani timadontho toyera kapena takuda, ndi zilembo za tchanelo zimene zinapserera pakona osachoka. Ndipo ponyamula chiime chilili, musachigoneke chafufumimba, sikirini yake ndi ya pulasitiki ya timizere tosakhalira kukandika. Ndikudziwa kuti njinga za kuno zimanyamula nkhumba ndi matumba atatu a malasha, koma ichi ai.

DLP, LCD, CRT, zilembo zimenezi zitanthauza chani?

Ndi njira zopangira kachithunzi kaja mkati. CRT ndi yakale kwambiri, machubu atatu, lofiira, lobiriwira ndi labuluu, aliyense akuponya chithunzi chake ndipo zitatuzo ziyenera kugwera pamodzi ndendende. Ndi ija ya amalume. Ilibe babu losintha koma ndi yolemera, ndipo zambiri si za HD.

DLP anaipanga a Texas Instruments mu 1987. Muli kachipu kodzaza ndi tigalasi tating'onoting'ono togwedezeka, mu pulojekita ya 1080p timapitirira 2 miliyoni, ndi kagudumu ka mitundu kozungulira mothamanga kutsogolo kwa babu. BenQ, Optoma ndi ViewSonic zambiri ndi zotere. Chithunzi chakuthwa, fumbi sililowa msanga mkati mwenimweni, koma anthu ena akamatembenuza maso amaona ngati kautawaleza kakuphethira, ena saona chilichonse olo muwauze. Muyese ndi maso anu komanso a amai kunyumba, chifukwa wina mutu umamuwawa.

LCD, imene Epson amaitcha 3LCD, kuwala kumagawidwa patatu n'kudutsa pa timapanelo titatu. Mitundu imawala bwino, utawaleza palibe, koma imafuna kutsuka sefa ya fumbi pafupipafupi, ndipo ikakalamba ndi kutentha chithunzi chimayamba chikasu. Kwa ine zonse ziwiri n'zabwino, musataye tulo pa izi, tayani tulo pa mafunso awiri otsatirawa.

Pa katoni alemba Full HD ndi 4K koma mtengo ndi wa foni yaing'ono, ndi yeniyeni?

Chikomekome cha mkuyu. HD yeniyeni ndi chiwerengero cha timadontho topanga chithunzi: 720p ndi 1280 kwa 720, Full HD kapena 1080p ndi 1920 kwa 1080, 4K ndi 3840 kwa 2160. Tumapulojekita tuja totchipa timalemba kuti supports 1080p, kutanthauza kuti mukatipatsa chithunzi cha 1080p sitikana, timalandira, kenaka n'kuchifinya kufika pa mphamvu yake yeniyeni imene nthawi zambiri ndi 800 kwa 480 chabe. Liwu loti mufunefune pa katoni kapena mu kabuku ndi native resolution, ndiye chiwerengero chenicheni cha timadontho take. Ngati sanalembe ndiye kuti akubisa.

Pa TV yaing'ono kusiyana kwake mwina simungakuone, koma mukakulitsa kufika mainchi 100 timadontho timakhala ngati njere za mapira, zigoli pakona osawerengeka, mpira ukathamanga umasowa. Palinso ena a salaula ochokera m'maofesi ndi m'masukulu a kunja, olimba ndithu ndipo owala, koma ambiri ndi XGA, 1024 kwa 768, chithunzi chake cha bokosi osati chotambalala. Pa maphunziro ndi nyimbo za mu tchalitchi ali bwino. Pa bola mudzakhala ndi mizere yakuda pamwamba ndi pansi, ndipo si HD yathunthu. Ngati thumba likulola tengani 1080p. 720p yeniyeni ya kampani yodziwika ndi yabwino kuposa 4K ya gong'a.

Nanga ma lumens, angati akwanira?

Apanso pali bodza lambiri. Ma lumens ndi muyeso wa mphamvu ya kuwala kwa pulojekita, ndipo muyeso wodalirika ndi ANSI lumens. Mukaona 9000 lux kapena 12000 lumens pa kabokosi kokwana m'dzanja, dziwani kuti mphamvu yake yeniyeni mwina ndi mahandiredi ochepa chabe. M'chipinda cha mdima weniweni pa mainchi 100, ma ANSI lumens 1,500 mpaka 2,000 akwana. Mu holo kapena mu bala mmene muli kuwala pang'ono, yambirani pa 3,000 kupita m'mwamba.

Ndipo kumbukirani tochi ija. Sikirini ya mainchi 100 ndi yaikulu kanayi kuposa ya mainchi 50, osati kawiri, ndiye kuwala komweko kukugawidwa panayi. Chithunzi chikazilala, musanathamangire kugula ina yesani kuchichepetsa.

Ndingaonere masana chitseko chili chotsegula?

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo anthu ambiri amene amabwera kudzadandaula kwa ine vuto lao ndi ili, makina alibe mlandu. Pulojekita siitha kuponya mtundu wakuda. Ganizani bwino, kuwala kungapange bwanji mdima? Pamene pakuoneka pakuda pa chithunzi ndi pamene pulojekita yangosiya osawalitsa, ndiye mukuona chipupa chanu mmene chilili. Usiku chipupacho ndi chakuda, chithunzi chimatuluka mochititsa kaso. Masana chipupa ndi choyera, ndiye jezi yakuda ya refa imaoneka yotuwa, udzu wa mu bwalo ngati wa mu Seputembala.

Abusa ena anandiitana Sabata lina kuti ndikaone pulojekita yao yatsopano, ati yafika yakufa. Tchalitchi cha mawindo akuluakulu asanu mbali iyi asanu mbali iyo, opanda katani, malata awiri oonekera kudenga olowetsa dzuwa, nthawi 10:00 m'mawa. Mawu a nyimbo pa chipupa amachita kuoneka ngati analembedwa ndi madzi. Tinabwerako madzulo dzuwa litalowa, abusa anangoti ah, kodi ndi yomweyi?

Ndiye onani nthawi ya zimene mumakonda kuonera. Champions League magemu ambiri amayamba 21:00 kapena 22:00 nthawi ya kuno, palibe vuto. Koma magemu a Loweruka a ku England ambiri amayamba 16:00 kapena 17:00, ena 13:30, ndipo bola ya kuno kwathu ndi ya masana dzuwa lili phwee. Pamenepo mufunika makatani okhuthala akuda, kutseka ndi mipata ya pakati pa chipupa ndi malata. Mukatseka chonchi mu Okutobala mukudziwa kale mmene mumatenthera, ndiye muganizirenso za mafani a anthu.

Ndiye pakati pa pulojekita ndi TV yopyapyala ya mainchi 55 kapena 65, ndisankhe iti?

Ngati ndi TV ya pa nyumba, yoyaka kuyambira m'mawa, ana makatuni, amai mafilimu, atate nyuzi ya 19:00 pa ZNBC, gulani yopyapyala, musavutike. Imawala masana, imadya malaiti ochepa, ilibe babu losintha, malaiti akapita mwadzidzidzi siidandaula. Ndimataya makasitomala ponena izi koma ndi zoona.

Pulojekita ndi ya usiku ndi ya gulu. Anthu 40, 60 mu holo, wa kumbuyo nayenso akufuna aone ngati inali ofusaidi, pamenepo TV ya mainchi 65, imene m'lifupi siifika ngakhale mita imodzi ndi theka, imachepa. Amene ali ndi zonse ziwiri ndi amene amasangalala, TV masana, pulojekita pa gemu yaikulu, babu limakhalitsa.

Chipinda changa ndi chaching'ono, mainchi 100 akwana?

Tengani tepi muyeze. Chithunzi cha mainchi 100 chotambalala ndi mamita 2.2 m'lifupi ndi 1.25 m'litali. Cha mainchi 120 ndi pafupifupi 2.7 kwa 1.5. Ndiye pali nambala ina mu kabuku yotchedwa throw ratio, mumaichulukitsa ndi m'lifupi mwa chithunzi kuti mudziwe pamene pulojekita ikhale. Ambiri wamba ndi cha m'ma 1.5, ndiye 1.5 kuchulukitsa ndi 2.2 ikupatsani mamita 3.3 kuchokera pa chipupa. Ya short throw ya 0.5 imangofuna mita imodzi ndi pang'ono, koma imadula.

Anthu akhale mamita 3 mpaka 4 kuchokera pa chithunzi cha mainchi 100. Pafupi kwambiri khosi limawawa ndi kutsatira mpira. Sitingirumu zambiri za m'komboni mainchi 80 akwana ndithu, ndipo amawala bwino kuposa 100.

Mu holo ipachikeni kudenga mozondoka, mu menyu muli potembenuzira chithunzi. Pa tebulo aliyense wopita kukataya madzi amadutsa kutsogolo, mutu wake uli pa golo, ndipo tsiku lina wina adzakoka kebo ndi phazi chigoli chikalowa.

Sikirini ndiyofunika kapena chipupa chingakwane?

Chipupa chikwana ngati pulasitala wake ndi wosalala. Pakani penti yoyera yosanyezimira, ija ya madzi, osati ya mafuta yowala chifukwa imabweza kuwala pakati ngati galasi. Laimu amasiya mizere ya bulashi. Mukazunguliza ndi mzere wa penti yakuda ngati felemu mudzadabwa mmene chithunzi chimaonekera chakuthwa, ndi maso chabe amanamizidwa koma zimagwira.

Bedishiti ndi yapangozi chabe, theka la kuwala limadutsa kupita kuseri ndipo kamphepo kakaomba osewera amavina. Yabwino yotchipa ndi nsalu yokhuthala ya makatani yosadutsa kuwala, mbali yake yoyera, kuikoka zolimba pa felemu ya mapulanga. Akalipentala aliyense angakukhomereni tsiku limodzi.

Babu limakhala nthawi yaitali bwanji?

Mababu ambiri amalembedwa maola 2,000 mpaka 5,000, ndipo mukaika pa eco mu menyu, pochepetsako kuwala, amapitirira pamenepo. Tiwerengere pa 3,000. Pa nyumba maola 4 pa tsiku, ndi masiku 750, zaka ziwiri. Mu bala yoyatsa maola 10 pa tsiku, masiku 300, chaka sichitha. Ndipo silifa kamodzi, limazilala pang'onopang'ono mpaka theka inu osazindikira, mumangoti maso akukalamba.

Musanagule pulojekita iliyonse funsani kaye mtengo wa babu lake ndi kumene lipezeka, chifukwa kuno ku Chipata simungalipeze pa shelufu ngati babu la m'nyumba, timachita kuitanitsa ku Lusaka kapena kunja n'kudikira. Pa ya salaula, mu menyu muli posonyeza maola a babu, koma nambala imeneyo aliyense angaibweze pa ziro ndi rimoti. Pulojekita yokandikakandika yolemba maola 12, mufunse bwino. Posintha musagwire galasi la babu ndi zala.

Za LED ndi laser zilibe babu losintha, zimalembedwa maola 20,000 kapena kuposa. Pogula zimadula, koma ndi malaiti athuwa ine ndimazikonda, chifukwa chake chili m'funso lotsatira.

Malaiti akapita mwadzidzidzi pulojekita imaonongeka?

Ya babu, inde ingaonongeke. Babu limatentha koopsa, ndiye mukazima ndi rimoti fani imapitiriza kuzungulira kwa kanthawi kuziziritsa. Malaiti akangoti thi, fani imaima pomwepo kutentha kuli mkati. Kamodzi kawiri palibe kanthu, ndipo zina zatsopano anazipanga zopirira, koma tsiku ndi tsiku monga zinalili mu 2024 madzi atatsika ku Kariba ndi chilala chija, babu limafupika moyo. Choipa kwambiri ndi kuyatsanso likali lotentha.

Ine ndinaphunzira ndi ndalama zanga. Gemu ya usiku, holo yodzaza, tili pa jenseti, ndinaiwala kuonjeza petulo pa hafu taimu. Mphindi ya 70 jenseti inatsokomola n'kuzima. Anthu kukuwa, mnyamata wanga kuthira petulo mothamanga, kukoka chingwe, ine osadikira n'komwe ndadina kale batani. Inayaka masekondi ochepa kenaka phwaa! ngati botolo lagwa pa simenti, kafungo, mdima. Ndinabweza ndalama za pakhomo kwa aliyense, ngakhale ena amene ndikudziwa bwino kuti analowera pa windo.

Chofunika ndi UPS, ija ya makompyuta yosunga magetsi mu batire, osati kuti muonerepo gemu ai, koma ikupatseni mphindi zochepa zozimira bwino. Pulojekita ya babu imadya mawati 250 mpaka 350, ndiye ka UPS ka 650VA kamakhala pa malire, tengani ya 1000VA kupita m'mwamba. Ikaninso TV guard pa soketi chifukwa malaiti pobwera ndi pamene amapha zinthu. Nyengo ya mvula kukachita ziphaliwali zulani pulagi ndi kebo ya dishi yomwe, mphezi imakonda kulowera ku dishi n'kuotcha HDMI. Ndipo ikazima mwangozi, dikirani mphindi 10 musanayatse, anthu akuwe mmene angathere.

Pa sola kapena batire ingagwire?

Ingagwire koma werengerani. Batire la 12V 100Ah lili ndi mphamvu ngati mawati 1,200 kwa ola limodzi, ndipo ngati ndi la asidi kapena la gel simuyenera kulimwa kupitirira theka, ndiye muli ndi 600. Pulojekita 300, dikoda ndi ampu tinene 100, zonse 400. Ola limodzi ndi theka latha, gemu ndi hafu taimu yake imafuna pafupifupi maola awiri, ndiye mudzazimira anthu pa mphindi zotentha. Mabatire awiri, kapena limodzi la lithium la saizi yomweyo, pamenepo mumaliza. Inveta ikhale ya pure sine wave, zotchipa zija zolira ngati njuchi zimaononga mbali ya magetsi mu pulojekita.

Kwa a kumudzi amene muli pa sola chabe, kaya ku Vubwi kaya ku Chama, TV yopyapyala ya mainchi 55 imadya pafupifupi gawo limodzi mwa atatu a pulojekita ya babu. Onaninso funso la kusankha pamwambapa. Kwa a mayuniti, mawati 300 kwa maola 4 ndi yuniti imodzi ndi kakang'ono.

Fumbi ndi kutentha kwa kuno sizingaiphe?

Zimaipha, makamaka kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, mphepo ikamanyamula fumbi la m'misewu ya m'komboni kulowetsa m'nyumba. Sefa ikatsekeka mpweya sudutsa, pulojekita imatentha, kanyali kofiira ka temp kamayaka n'kudzizimitsa yokha. Mu nyengo imeneyo chotsani sefa sabata iliyonse mukung'unthe kapena kupukuta ndi kabulashi kofewa. Musaipachike pafupi kwenikweni ndi malata opanda siling'i, masana pamenepo ndi uvuni. Musaiike mu kabati yotseka poopa akuba, pangitsani khola la zitsulo kwa owotcherera, mpweya uzidutsa mbali zonse. Utsi wa fodya ndi wa mbaula umamata pa lenzi. Ikazizira iphimbeni ndi chitenje, koma ikazizira, osati ikali yotentha.

Matchanelo ndiwapeza bwanji, ili ndi polowetsa eriyo?

Mapulojekita ambiri alibe. Mumafunika dikoda, kaya ya DStv, GOtv kapena TopStar, n'kulumikiza ndi kebo ya HDMI. Mukalumikiza ndi zingwe zija zitatu, yachikasu, yofiira ndi yoyera, HD yonse mwaitaya olo pulojekita ikhale ya 4K. Komanso tchanelo chenichenicho chikhale cha HD, si onse ai. HDMI ikatalika kupitirira mamita 10 gulani yokhuthala yabwino, zopyapyala chithunzi chimadukaduka.

Achibale akakutumizirani ya ku America chenjerani. Kumeneko magetsi ndi 120V, kuno ndi 230V. Mapulojekita ambiri amalandira zonse, kumbuyo amalemba 100-240V, koma zimbokosi za kumeneko ndi 120V chabe, mukangolowetsa mu soketi ndi utsi. Olo mugule chotsitsa magetsi, zina zimakana chithunzi cha 50Hz chimene madikoda athu amatulutsa, sikirini imangokhala bii.

Mawu ake ndi ochepa, nditani?

Kasipika ka mkati ndi ka mu ofesi, musakadalire. Tengani mawu kuchokera ku dikoda, pa mabowo ofiira ndi oyera, kupita ku ampu kapena wufa yanu, masipika muike kutsogolo pafupi ndi chithunzi osati kumbuyo kumene kuli pulojekita. Bluetooth imachedwetsa mawu, wolengeza amakuwa golo anthu atakhala kale pansi.

Laser TV imene ndikuona pa intaneti ndi chani?

Ndi pulojekita ndithu, ya laser, imene imakhala pa kabati pansi penipeni pa chipupa, masentimita ochepa chabe, n'kuponya chithunzi cha mainchi 100 cham'mwamba. Hisense ndi amene amaitchula dzina limeneli kwambiri. Zambiri zimabwera ndi sikirini yake yapadera yokana kuwala kochokera kudenga ndi m'mbali, ndiye masana imayesako kuposa pulojekita wamba. Tingati ndi mdzukulu wa chimbokosi chija. Koma pa chipupa chathu chopanda sikirini kabampu kalikonse ka pulasitala kamaonekera, mwana akagunda kabati pang'ono chithunzi chapendekeka, ndipo mtengo wake ndi wa anthu a kumayadi. Pa ndalama imeneyo yerekezaninso ndi TV yopyapyala ya mainchi 85.

Ndikagule kuti, ndipo ndiyese bwanji?

Kuno m'tauni zimapezeka mwa apo ndi apo, zambiri ndi tung'onotung'ono tuja. Zosankha zambiri zili ku Lusaka, makilomita pafupifupi 570 pa Great East Road, ena amadumphira ku Lilongwe kudzera pa Mwami chifukwa ndi pafupi, koma muwerengere msonkho wa pa boda ndiponso kuti ikafa waranti muyenera kuitsatira komweko. Za pa Facebook musatumize ndalama pa foni musanaione ikuyaka, safunsa anadya phula.

Poyesa tengani fulashi kapena laputopu yanu, osati kavidiyo ka wogulitsa kamene anasankha kokongola. Onetsani chithunzi choyera chokhachokha muone mabanga achikasu ndi madontho, kenaka chakuda chokhachokha muone timadontho towala, kenaka tsamba la zilembo zing'onozing'ono muone ngati pakati ndi m'makona zikuwerengeka nthawi imodzi. Tung'onotung'ono tuja mukakonza pakati m'makona mumafufuma, mukakonza m'makona pakati pamafufuma. Mverani fani, isamalire ngati chigayo. Lembani nambala ya modelo muifufuze pa foni pomwepo. Pa basi muinyamule pamiyendo, osati pansi pamodzi ndi matumba.

Ndikufuna kuonetsa bola mu bala kapena kulipiritsa pakhomo, pali china choti ndidziwe?

Phukusi la DStv la pa nyumba si la malonda, ali ndi lina la mabizinesi, kafunseni kwa ajenti. Za khonsolo nazonso zikhale m'malo. Kupatula apo sungani babu lina la sipeya ndi TV yaing'ono pambali yolumikiza kale, ndipo petulo muonjeze pa hafu taimu.

Ana angaseweretsepo PlayStation?

Angathe. Ikani pa game mode ngati ilipo, chifukwa zina zimachedwa pakati pa kudina ndi kuona. Pa chimbokosi cha CRT musalole, zigoli ndi mizere yosasuntha zimapserera pa machubu mpaka kalekale. Ndipo maola a babu amathera pamenepo kuposa pa bola.

Chithunzi chayamba timadontho toyera ngati nyenyezi, china chili ndi banga, chikonzeka?

Timadontho toyera kapena takuda tochuluka tsiku ndi tsiku pa DLP ndi tigalasi tija tauma malo amodzi, kupukuta sikuthandiza, kachipu konse kasinthidwe, ndipo pa makina akale nthawi zambiri mtengo wake sugwirizana. Banga lofufuma lozungulira ndi fumbi mkati, limenelo timatsuka. Chikasu kapena buluu mbali imodzi pa LCD ndi timapanelo tapsa. Kulira kwa nzwii ndi mitundu kuphethira pa DLP ndi kagudumu ka mitundu, kamasinthika. Ikayaka mphindi zochepa n'kuzima, yambani ndi sefa monga ndanenera pa funso la fumbi.

Chithunzi chikakhala chachikulu pamwamba chaching'ono pansi si matenda, mwangoipendeketsa. Batani la keystone limawongola koma limadya kuthwa kwa chithunzi, bwino kusuntha pulojekita yeniyeniyo iyang'ane chipupa molunjika.

Babu likaphulika kapena likatha ndilitaye kuti?

Muli mercury pang'ono mkati mwake, ndi poizoni. Likaphulika zimani, tsegulani mawindo ndi zitseko, anthu atuluke kwa kanthawi makamaka ana ndi amai oyembekezera. Zidutswa musatole ndi manja, ndipo musapukuse pulojekita mozondoka pamwamba pa nkhope yanu ngati ili kudenga, itsitseni kaye. Lakutha likulungeni mu pepala muike mu botolo lotseka, musaponye pa moto wa zinyalala kapena kupatsa ana aseweretse. Kachitsulo kamene babu limakhalamo musataye, bwerani nako, nthawi zina timagula babu lokha n'kuikamo ndipo zimatchipirako.